Nsomba ya Koloboyi Pamphumi

Sanford Miti anaikidwa m'manda Lachinayi, mvula itapuma pang'ono, ndipo Loweruka m'mawa abale ake anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti amve za imfa yake ndi kugawana zovala. Umo ndi momwe zimakhalira. Mkazi wamasiye amafotokoza momwe matenda anayambira ndi kumene anathamangira nawo, abale a mwamuna amamvetsera, kenaka katundu wa malemu amatulutsidwa pabwalo kuti aliyense amuone. Pomaliza amanena ngati mkaziyo atsala pamalopo kapena abwerera kwawo.

Dainess ankadziwa kuti nkhani yeniyeni ya tsikulo ndi yomalizayo. Malowo anali ku Nkomeshya, kufupi ndi Lusaka, munda wa mahekitala awiri umene Sanford anapatsidwa atangochoka ku Chipata, ndi nyumba ya malata ya zipinda zitatu. Kwawo kwa Dainess ku Katete kunalibenso munthu woti n'kumulandira. Ndiye panali Purity, mwana wawo mmodzi yekha, amene chaka chimenecho cha 1997 anali mu giredi seveni.

Iye mwini sankayembekezera kukolola m'mundamo zaka zambiri. M'buku lake la mapemphero munali timapepala tiwiri tochokera ku kiliniki ina ya ku Lusaka, kumene anakayezetsa magazi pamodzi ndi mwamuna wake chaka chathacho. Ankadziwa zimene zinalembedwapo. Tsiku limenelo, ali m'basi pobwerera, Sanford anamupempha kuti asauze munthu aliyense, makamaka abale ake, ndipo Dainess analonjeza. Kuyambira pamenepo pemphero lake linali limodzi: kuti malowo atsale m'manja mwa mwanayo.

Kuchimuna kunabwera anthu awiri amene mawu awo anali olemera. Woyamba anali Cecilia, mlongo wamkulu wa Sanford, amene anachokera ku Chipata pa basi ndipo ankatsogolera msonkhanowo popeza makolo anamwalira kale. Anali mayi wosalankhulalankhula. Masiku onse a maliro sanamufunse Dainess kanthu, koma m'mawa wa Lachisanu tiyi atachepa anakankhira kapu yake kwa iye osamuyang'ana n'komwe. Dainess sanadziwe ngati chinali chikondi kapena mwambo chabe. Wachiwiri anali Maybin, mng'ono wa malemu, wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku Lusaka. Iyeyu kuyambira tsiku limene anafika maso ake sankakhazikika. Ankayang'ana malata, nkhokwe, njinga, ndipo nthawi zambiri ankayang'ana Dainess.

Anansi analipo ngati khumi ndi asanu, ambiri a iwo a mumphakati wa Teresa Woyera kumene Dainess ankapemphera. Purity anamutumiza kwa Emelda, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, chifukwa nkhani zotere si za ana.

Dainess anafotokoza atakhala pamphasa, mutu uli pansi. Ananena za chifuwa chimene chinayamba m'nyengo yozizira, za kutsegula m'mimba kosatha, za zilonda za m'kamwa, za maulendo a kuchipatala. Dzina la matendawo sanalitchule, ndipo palibe amene analifunsa, pakuti masiku amenewo dzinalo silinkatchulidwa pamaliro. Atamaliza, Maybin anati ali ndi funso limodzi chabe. Mkulu wake anali munthu wamimba, woti polowa m'thiraki chiwongolero chinkamukhudza, koma m'bokosi munagona munthu wopepuka ngati phesi. Nanga zinatheka bwanji kuti alamu, amene ankadya naye mbale imodzi, akusenzabe ndowa yodzaza kuchokera kuchitsime? Cecilia anamuuza kuti funsolo aliike padera, ayambe atulutsa katundu.

Maybin analowa m'nyumba ndi amuna awiri. Anatulutsa masuti awiri, jekete lachikopa, nsapato, wailesi, bokosi la masipanala. Kenaka analowa kuchipinda chogona. Amuna awiri aja anatuluka opanda kanthu m'manja, akuyenda mofulumira. Pambuyo pawo panatuluka Maybin, manja ake atawakulunga ndi thumba la feteleza, atanyamula chinthu china kutali ndi chifuwa chake. Anachiika padothi pakati pa bwalo n'kuchotsa chitenje chimene chinachiphimba.

Linali botolo lalikulu la galasi, la mtundu umene a sitolo amasungiramo maswiti. Munali sipiriti wa mtundu wa maluwa a jakaranda, ndipo m'sipiritimo munali chinthu chakuda, chachikulu ngati papaya wamng'ono. Theka la thupi lake linali kamwa. Mano anali oonda ngati singano, ena aatali ena aafupi, onse opindikira mkati. Timaso tinali ngati mbewu za mapira. Khungu linali lopanda mamba, lofewa, lamakwinya. Pamphumi panamera kandodo koonda kokhala ndi kampira kotuwa kunsonga. Ndipo chakumimba kunali kanthu kena, kotalika ngati chala chaching'ono, komata ngati nkhupakupa pa ng'ombe.

Amayi amene anakhala pafupi anakoka miyendo yawo. Wina anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Alamu," anatero Maybin motsitsa mawu, "ichi chimene nachipeza pansi pa bedi, kuseli kwa thiranki, ni chani?"

"Ni nsomba, alamu."

"Nsomba."

"Inde. Ya atate ake Purity."

Zinali zoona. Sanford anali dalaivala wa thiraki ya firiji imene inkakatenga nsomba za kalapau ku Walvis Bay, ku Namibia. Mu 1994 ananyamula ulele msodzi wina wa m'sitima zimene zimakoka makoka pansi pa nyanja yamchere, amene anali pa ulendo wa kumaliro a mayi ake ndipo analibe ya basi. Pa ulendo wotsatira msodziyo anamudikirira padoko ndi botololo. Anamuuza kuti chinthucho chinakodwa m'khoka kuchokera pansi penipeni, ndipo kampira ka pamphumiko kamayaka mumdima. Sanford anafika nacho kunyumba akuseka, n'kuchitcha Amayi Koloboyi, pofanizira kampirako ndi koloboyi, kanyali ka parafini. Poyamba anachiika pa kabati pabalaza. Mlendo woyamba kuchiona anasiya tiyi wake osamwa n'kutsanzika, ndipo kuyambira tsiku limenelo botolo linakhala pansi pa bedi.

Lamlungu lina lililonse akakhala kunyumba, Sanford ankalitulutsa pambuyo pa Misa n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Ankati Mulungu analenga zinthu zina zimene sanaganize n'komwe zotionetsa. Chivindikiro sichinkatseka bwino, sipiriti ankauma pang'onopang'ono, ndiye ankawonjezeramo. Matenda atamugoneka, ntchito imeneyo inatsala kwa Dainess. Iye nsombayo sankaikonda. Koma mwamuna wake ankafunsa ngati sipiriti akuphimbabe msana wa nsombayo, ndipo chinali chinthu chochepa choti n'kumuchitira munthu amene sakuthanso kumeza phala.

Dainess anafotokoza zonsezi mwachidule. Maybin anamvetsera akugwedeza mutu. Anati iye wadya nsomba za ku Kafue, za ku Kariba, za ku Mpulungu, ngakhale kalapau wa mkulu wakeyo, koma sanaonepo nsomba yopanda mamba yokhala ndi nyanga pamphumi ndi mano a singano. Anafunsanso kuti ngati ndi nsomba chabe, ankaibisiranji m'chitenje, ndipo chitenjecho n'cha ndani. Chinali cha Dainess.

Pamenepo Alick, mwini kantemba, kagolosale ka pamphambano, anakhosomola. Anati iye safuna kulowa nkhani za banja, koma popeza zafika apa anene zimene akudziwa. Kwa chaka chathunthu Amake Purity akhala akugula kabotolo ka sipiriti mwezi uliwonse. Sipiriti ameneyo amagula ndi anthu a mapulaimasi, mbaula za parafini, koma nyumba ino imaphika pa nkhuni. Iye ankadabwa, koma sankafunsa.

"Ni chakudya chake," anatero Maybin. "Mwezi na mwezi."

Mawu amene aliyense ankawaganiza anatchulidwa ndi mkulu wina wokhala kumbuyo: ilomba. Onse anali atamvapo za chilombo chimenechi, chimene amati munthu amachiweta mobisa m'madzi, chimadya moyo wa abale ake, ndipo moyo wake ndi wa mwini wake ndi umodzi. Palibe amene anachionapo. Koma tsopano pakati pa bwalo panali chinthu cha m'madzi chimene palibe anachidziwa, ndipo mwini nyumba anali m'manda.

Dainess anayang'ana anthu a mumphakati mwake. Anali anthu amene ankabwera Lachitatu lililonse kudzapemphera kolona pambali pa wodwala, amene anamubweretsera nkhuni ndi sopo. Palibe amene anamuyang'ana moipa. Ankangoyang'ana kwina.

Cecilia anafunsa ngati alipo wina kupatula malemu amene ankachidziwa chinthucho. Dainess anakumbukira aPhunzitsi Daka. A Vitalis Daka ankaphunzitsa sayansi pa pulayimale ya m'deralo, ndipo Sanford anawaonetsapo botololo. Munthu wina anakwera njinga kukawatenga.  Dzuwa linasuntha, mthunzi wa mango unachoka pamene panali Dainess, koma sanayerekeze kusuntha mphasa. Emelda, amene anali atabwera kudzaona chimene chachedwetsa anthu, anaima pambali pake m'njira yoti mthunzi wake umugwere, ngati kuti wangoima.

APhunzitsi Daka anafika atanyamula buku lalikulu lachingerezi m'pepala la pulasitiki. Anali munthu wamfupi wokoma mtima, wokonda kufotokoza zinthu. Atangoona botololo anamwetulira ngati waona mnzake wakale. Anati malemu atawaonetsa, iwo anakafufuza m'mabuku ku Chalimbana kumene anaphunzirira uphunzitsi, ndipo anaipeza. Anatsegula bukulo n'kulizungulitsa kuti aliyense aone chithunzi. Chinalidi chofanana, ndi kandodo komwe.

Kenaka anayamba kuphunzitsa. Anati nyanja yamchere si ngati dambo kapena damu. Pali malo pamene madzi amapita pansi mtunda ngati wochoka panyumbapo kukafika pa kantemba ka Alick ndi kubwerera, makilomita awiri kapena kuposa. Dzuwa limathera pamwamba pomwe. Pansipo ndi mdima usana ndi usiku, chilengedwere dziko. Madzi ake ndi ozizira ngati a mufiriji, ndipo ndi olemera moti mgolo wotseka wopanda kanthu utatsitsidwako ungaphwanyike ngati kachitini ka mkaka koponda ndi phazi. Kulibe udzu, kulibe ndere. Chakudya chimachita kugwa kuchokera kumwamba pang'onopang'ono ngati mankhusu popeta.

Kumalo kotero, anatero aphunzitsi, kuthamangitsa chakudya n'kutaya mphamvu. Ndiye nsombayi simathamanga. Imangoyandama, mnofu wake wofewa, mafupa ake opepuka, n'kuyatsa kanyali kake. M'kampirako mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatulutsa kuwala, nsombayo imatisunga ndipo ito timaiwalira. Tinsomba tina tikaona kuwalako timayandikira, poyesa chakudya, ndipo kamwa ija imatseguka. Mano anapindikira mkati kuti cholowa chisatuluke, chifukwa mwina papita milungu chisanabwere china. Mimba yake imatanuka moti imameza nsomba yoposa iyo kutalika. Ndipo ikakokedwa m'khoka, imafa isanafike n'komwe pamene pali dzuwa. Imene ili m'botoloyi, anatero, inafa zaka zitatu zapitazo isanamuone Sanford Miti, ndipo sipiritiyo si chakudya, ndi woletsa kuola basi.

Anthu anayamba kumasuka. Mayi wina anati ndiye kuti kumenekonso kuli njala ngati ya chaka cha chimanga chayelo, ndipo ena anaseka pang'ono. Mkulu amene anatchula ilomba uja anasendera pafupi kuti aone chithunzi. Dainess anathokoza Mulungu chamumtima.

Maybin sanaseke. Anagwada pafupi ndi botolo, osalikhudza, n'kuloza ndi kamtengo.

"Ba Ticha, nanga aka kali pamimba?"

Nkhope ya aphunzitsi inawala, pakuti apa ndi pamene ankapakonda kwambiri.

"Ameneyo ni mwamuna wake."

Anafotokoza mokondwa, osaona nkhope za anthu. Anati mumdima waukulu chotero kukumana n'kovuta. Yaimuna imabadwa yaing'ono, ndipo ntchito yake ndi imodzi, kufunafuna yaikazi potsata fungo. Ikaipeza imailuma pakhungu ndipo sisiyanso. Milomo yake imamera pamodzi ndi thupi la yaikazi, magazi awo amakhala amodzi. Kuyambira pamenepo sidzidyera yokha, sidziyendera yokha. Maso ake amazima, matumbo ake amafota, thupi limatsala kathumba chabe kolendewera, pamene yaikazi ikupitiriza kukula.

Anasiya pamene anakweza maso n'kuona nkhope za anthu.

Onse amene analipo anamuona Sanford miyezi yomaliza. Anaona maso ake atachita chifunga, anaona manja ake atatsala mafupa, anamuona akunyamulidwa ndi mkazi wake kupita kukaothera dzuwa.

"Mwamva mweka," anatero Maybin. "Sindine nakamba. Ni buku."

Aphunzitsi anayesa kunena kuti zimenezo ndi za nsomba, kuti Mulungu anazikonza choncho kuti mtunduwo usathe, kuti yaimunayo sivutika. Mawu awo anagwera pansi. Anatseka buku n'kukhala pa njerwa, akupukuta magalasi awo.

Maybin anaimirira n'kulankhula modekha, ngati munthu amene safuna kulakwira wina. Anati iye sanabwere kudzamenya munthu kapena kudzaitana sing'anga, pakuti onse ndi Akhristu. Koma aliyense akudziwa kuti ilomba ikaphedwa, mwini wake satha chaka. Ndiye chinthucho achiotche pomwepo, onse akuona. Ngati alamu alibe mlandu, adzakolola chaka chino ndi chamawa ali bwinobwino, ndipo iye mwini adzabwera ndi mbuzi kudzagwada pakhomo pawo. Koma akayamba kufota, ndiye kuti zadziwika, ndipo malo a mkulu wake sangatsale kwa mfiti kapena kwa mwana amene waleredwa m'manja mwa mfiti.

Anthu anaona kuti mawuwo ndi achilungamo. Ngakhale aphunzitsi anavomera ndi mutu, pokhulupirira kuti kuotcha nsomba yakufa sikungadwalitse munthu, ndipo chaka chikatha Maybin adzagula mbuzi. Wina anapita kukatola nkhuni. Cecilia anatembenukira kwa Dainess n'kufunsa ngati akuvomera.

Dainess anaganiza za thupi lake. Pansi pa bulauzi yake, kumsana, kunali zipsera za matuza amene anatuluka mwezi wa Okutobala. Kuseli kwa makutu kunali timabuluma timene sitinkachoka. Ndowa ija ankaisenzadi, koma ankaitula kawiri panjira pamene palibe womuona. Sankadziwa ngati ndi chaka chino kapena chamawa, koma ankadziwa kuti adzafota monga anafotera mwamuna wake, botolo liotchedwe kapena lisaotchedwe. Akavomera, thupi lake lomwe lidzamuchitira umboni wonama, iye ali chigonere osatha kudziyankhira, ndipo Purity adzatuluka pamalopo ndi dzina limene silichoka. Akakana, ndiye kuti wavomera mlandu lero lomwe.

Njira inatsala imodzi, ndipo inadutsa pa lonjezo la m'basi lija. Anaganiza za Sanford, momwe anagwirira dzanja lake tsiku limenelo, munthu wamkulu akuchita manyazi ngati mwana. Anapempha Mulungu kuti amukhululukire, ndipo anapempha Sanford kuti amvetse, popeza kumene ali tsopano manyazi kulibe. Kenaka anapempha chilolezo cholowa m'nyumba. Maybin anati wina apite naye. Emelda anamutsatira, n'kuima pakhomo.

Anatuluka ndi buku la mapemphero, natulutsa timapepala tiwiri tija n'kupereka kwa aphunzitsi kuti awerenge mayina ndi zimene zalembedwa. Aphunzitsi anawerenga chamumtima, nakweza maso kumuyang'ana ngati akufunsa kuti watsimikiza. Dainess sanadikire.

"Atate ake Purity anafa na Edzi," anatero. "Ine naine nili nako kadoyo. Anatipima pamodzi. Nizadwala, alamu, mwina chaka chino. Muotche olo musaotche, nizadwala. Nakamba lero kuti pa tsikulo musakanene kuti ni nsomba."

Aphunzitsi anatsimikiza kuti mapepalawo akunena zomwezo, ndipo anatchula tsiku ndi chidindo. Munthu amene anapita kukatola nkhuni uja anaziika pansi mwakachetechete.

Maybin anatembenukira kwa anthu. Atayamba kulankhula, mawu ake anali okwera kuposa kale. Anati ku Lusaka pepala lililonse limagulidwa, iye akudziwa. Anati mkulu wake anali munthu wa tchalitchi, ndipo n'zochititsa manyazi kumudetsa asanathe sabata m'manda. Anatinso mfiti zamasiku ano zachenjera, zimatumiza matenda ofanana ndi omwewo kuti zibisale kumbuyo kwake. Ena anang'ung'udza movomereza. Zinali zosavuta kukhulupirira botolo, chifukwa botolo linali m'nyumba imodzi yokha.

Cecilia anatambasula dzanja ndipo aphunzitsi anamupatsa mapepalawo. Sankadziwa chingerezi, koma anawayang'ana nthawi yaitali, makamaka pamene panali dzina la mlongo wake. Kenaka anauza Maybin kuti akhale pansi.

Analankhula osakweza mawu. Anakumbutsa Maybin za Bornwell, mwana woyamba wa iye mwini Cecilia, amene anamuika ku Chipata chaka chathacho ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Pamaliro ananena kuti chinali chifuwa chachikulu, ndipo Maybin analipo, anamva. Koma iye ndi amene ankamusambitsa mwanayo, ndipo zimene Amake Purity afotokoza m'mawa uno anazidziwa chimodzichimodzi, zilonda za m'kamwa, kutsegula m'mimba, kupepuka. Adokotala anamuuza dzina la matendawo pakhonde la chipatala ndipo iye analisunga mpaka lero.

"Pansi pa bedi ya Bornwell ninasesapo neka," anatero. "Panalibe botolo."

 Pabwalopo panalibe banja limene silinaike wachinyamata m'zaka zisanu zimenezo, ndipo aliyense anali ndi dzina la matenda ena limene analitchula pamaliro.

Cecilia anagamula. Zovala agawane monga mwa mwambo, wailesi ndi masipanala atenge Maybin. Nyumba, munda, nkhokwe ndi njinga zitsala ndi Amake Purity, ndipo pambuyo pawo ndi za Purity. Lolemba iye mwini, ndi aPhunzitsi Daka ngati mboni, apita kukalembetsa dzina la mwanayo m'kaundula wa mudzi, kuti pasadzapezeke wina wonena kuti sanamve. Maybin anati iye mawu ake wanena, ndipo nthawi ndiyo idzaweruze. Cecilia anati nthawi iweruze, koma dzina lilembedwa Lolemba.

Za botolo, anafunsa Dainess chimene akufuna. Dainess anati aphunzitsi alitenge ngati angalisamale. Aphunzitsi analikulunga m'thumba la feteleza lija n'kulimanga pa kaliyala ndi mphira, akudandaula chapansipansi kuti sakudziwa chimene akazi awo akanene. Pamene ankakankha njinga kutuluka pabwalo, anthu anapatuka kutali kuposa momwe njinga imafunira.

Chakudya chinali chitapsa kale, koma ambiri anakumbukira kuti ali ndi zochita kunyumba. Amene anatsala anadya mofulumira. Dainess anaona mayi wina wa mumphakati akutenga kapu imene iye anamwera madzi n'kuiika payokha pa thandala, mosamala, ngati kuti sakufuna kuti aoneke. Emelda potsuka anaitenga n'kuiponya m'beseni limodzi ndi zinzake.

Maybin ananyamuka masana kuti akapeze galimoto pamsewu waukulu. Anatsanzika amuna onse ndi dzanja, anagwada pang'ono kwa mlongo wake. Atafika pa Dainess anaika manja kumbuyo n'kunena kuti atsale bwino. Dainess sanadziwe ngati akuopa mfiti kapena akuopa matenda, ndipo anaona kuti mwina iye mwini Maybin sakudziwa. Anamufunira ulendo wabwino, n'kumupatsa kathumba ka mtedza kamene Sanford ankamusungira chaka chilichonse.

Pabwalo patatsala iwo awiri, Cecilia anapinda mphasa n'kuiimika pakhoma. Anati Alick wafika kale pa kantemba, ndipo dzuwa lisanalowe nkhaniyi ikhala itafika pachitsime ndi pa sukulu pomwe. Mwana asaimve kwa anthu.

Dainess anati sadziwa poyambira. Cecilia anati nayenso sadziwa, koma apita limodzi. Cecilia anamanga chitenje chake bwino, ndipo onse awiri anadutsa m'mphepete mwa chimanga kulowera kwa Emelda, kumene Purity anakhala pakhonde akusenda nyemba. Atawaona akubwera awiri, anaika lichero pansi n'kuimirira.